Usiku wanga woyamba kuwedza pa kayaki m'nyanja ya mchere ku Durban

Ndinakulira ku Senga Bay m'boma la Salima, ndipo bambo anga anali siginala. Kwa amene simudziwa usodzi wa kauni, siginala ndi munthu uja amakhala yekha m'bwato lokhala ndi nyali kumbuyo, n'kumakopa usipa kuti usonkhane pansi pa kuwalako alovi asanazungulitse chilimira. Pofika zaka 14 ndinali nditacheza kale panyanja usiku wonse kangapo konse, cha ku chilumba cha Namalenje, ntchito yanga ili yokapa madzi m'boti. Choncho mdima wa pamadzi sindinkauopa n'komwe. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndikudziwa kuti alipo abale ambiri ochokera ku Nkhotakota, Mangochi, Nkhata Bay ndi kwathu ku Salima amene ali kuno ku South Africa, ndipo akaona nyanja ya kuno mumtima amati madzi ndi madzi basi. Inenso ndinkatero.

Ndakhala ku Durban zaka 6 tsopano, ndipo ndimagwira ntchito pamalo ena okonzera maboti a faibagalasi. Kumeneko n'komwe ndinadziwana ndi bambo wina wachikulire wachimwenye wa ku Chatsworth, amene tonse timangowatchula kuti Uncle monga amachitira anthu a kuno. Anabwera ndi kayaki yawo itang'aluka kumimba, ndinaimata, ndipo pocheza anamva zoti ndine mwana wa msodzi. Kayaki yowedzera ya kuno, imene eni ake amati fishing ski, ndi yaitali pafupifupi mamita 5 koma yopapatiza moti ukakhala miyendo imangokwana. Sukhala m'kati mwake ngati m'bwato, umakhala pamwamba. Pakati pa miyendo pali chitseko cha mphako yaitali moikamo nsomba ndi ndodo zowedzera, ndipo chiwongolero chake umachiponda ndi mapazi. Zambiri zimapangidwa konkuno ku Durban, monga za kampani ya Stealth. Uncle anali nazo ziwiri, ndipo anandibwereka yakaleyo.

Kwa miyezi 4 tinkapita masana okha, Loweruka m'mawa. Masiku awiri oyamba sanandilole n'kugwira ndodo komwe. Ankandiuza kuti ndigudubuze kayaki dala pamalo akuya, ndiitembenuze, ndikwerenso. Kukwera kwake n'kogona chafufumimba mopingasa pampando, kenako n'kudzitembenuza matako n'kukhala, miyendo ili lende mbali zonse ziwiri. Ndinabwereza mpaka mapewa kuwawa. Ngati simunachitepo zimenezi masana mpaka manja kuzolowera okha, nkhani ya usiku muyambe mwaiiwala. Ndikunena mosapsatira chifukwa mumdima suona chogwira, umangodalira zimene thupi linaphunzira kale.

Za mapepala ndinena mwachidule, koma musazipeputse, makamaka ife alendo m'dziko la eni. Kuwedza m'nyanja ya kuno kumafuna chiphaso cha boma cha usodzi wongosangalala. Kale chinkagulidwa ku positi ofesi, masiku ano chimapezekanso pa intaneti. Chiphaso chimenechi sichilola kugulitsa nsomba ngakhale imodzi. Mtundu uliwonse wa nsomba uli ndi malire ake. Shad, imene anthu a ku Cape amati elf, munthu amaloledwa 4 zokha patsiku, iliyonse yosachepera masentimita 30, ndipo kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 30 Novembala n'koletsedwa kuigwira. Malo otsitsira makayaki nawonso ali ndi malamulo awo a nthawi ndi zida zoyenera kukhala nazo, ndiye funsani eni malowo musananyamuke kunyumba. Safunsa anadya phula.

Za tsiku lokawedza usiku tinakangana pang'ono ndi Uncle. Ine ndinkafuna usiku wopanda mwezi, chifukwa kwathu kauni amachitika mwezi ukakhala kumdima. Mwezi ukawala usipa umabalalika, nyali sizikoka kanthu, ndipo asodzi amapuma. Uncle anakana. Anati usiku woyamba munthu ayenera kuona funde likubwera, za nsomba zibwere pambuyo. Koma sanafunenso mwezi wathunthu, ndipo chifukwa chake ndi chinthu chimene kunyanja kwathu kulibe. Nyanja ya mchere imadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku, maola 6 ndi mphindi zochepa ikukwera, ena 6 ikutsika. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala kumdima, kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kuno kumayandikira mamita 2, ndipo madzi amakoka mwamphamvu. Mwezi ukakhala theka kusiyanako kumachepa. Ndiye tinasankha usiku wa mu Julaye, mwezi utangopitirira theka, umene umakhala uli kale pamwamba dzuwa likamalowa ndipo sulowa mpaka pakati pa usiku padutse.

Mphepo anaiyang'ana masiku atatu otsatizana. Mdani wamkulu m'gombe lino ndi mphepo yochokera kum'mwera chakumadzulo imene amati buster. Imafika mwadzidzidzi ngati mwera wathu ukamadzuka, nyanja imene inali bata n'kusanduka thovu lokhalokha m'mphindi zochepa. Ubwino wake ndi woti imayenda chokwera gombe, kotero asodzi amaona zimene zikuchitika ku East London ndi ku Port Edward kuti adziwe ngati ili m'njira. Madzulo amenewo kunali zii konse.

Akazi anga sanasangalale nazo. Pomanga katundu anaima pakhomo n'kunena kuti, "Abambo, nsomba zili mbwee ku shopu, mukukafuna chiyani mumdima?" Ndinawapatsa nthawi yoti ndikhala nditatuluka m'madzi, 10 koloko, ndi nambala yoti aimbe ikakwana 11 koloko ndisanawaimbire. Pafoni ya m'manja nambala ya ngozi kuno ndi 112, ndipo opulumutsa anthu panyanja ndi a NSRI, bungwe la anthu ongodzipereka limene linayamba mu 1967 ndipo lili ndi siteshoni ku Durban konkuno. Ali ndi pulogalamu ya pafoni yotchedwa SafeTrx imene imasonyeza pamene uli panyanja. Uncle anaiika pafoni yanga, foniyo tinaitsekera m'kathumba kosalowa madzi n'kuimangirira ku jekete yoyandamitsa. Anaumirira kuti foni, wenzulo, mpeni ndi timiyuni tofiira towombera m'mwamba zikhale pathupi langa osati m'kayaki. Ukagwa kayaki n'kukuthawa, zimene zili m'kati mwake zapita nayo. Nkhafi tinaimanga ndi chingwe ku kayaki. Kumbuyo kwa mpando tinaimika kandodo kokhala ndi nyali yoyera yooneka mbali zonse, ndipo pamphumi ndinavala tochi yokhala ndi kuwala kwa mitundu iwiri, koyera ndi kofiira.

Tinatsikira pa Vetch's, kagombe ka ku Point pafupi ndi malo a zosangalatsa a uShaka, kamene kamatetezedwa ndi khoma la kumpoto la pakhomo la doko la sitima. Inali cha m'ma 4 koloko, kukali kowala, chifukwa mu Julaye dzuwa limalowa itangopitirira 5 koloko. Tinapalasa pang'ono chakumpoto, kutali ndi njira ya sitima, mpaka pamwamba pa miyala ina imene Uncle amaidziwa. Tisanaponye mbedza anandiuza kuti nditembenuke ndiyang'ane kumtunda. Anandionetsa nyumba ina yaitali ndi mtengo wa nyali umene unali kutsogolo kwake, n'kunena kuti ziwirizi zikaima mzere umodzi ndiye kuti tili moyang'anizana ndi potsikira. Ndinavomera ndi mutu koma maso anali kale pa nyambo. Bambo anga ankachita chimodzimodzi ndi mapiri a Senga, ndiye ndinaona ngati ndi zodziwa kale.

Dzuwa litangobisala kuseri kwa mzinda shad zinayamba kudya. Nyambo yake inali sadini, woduladula n'kumukulunga pambedza ndi kaulusi kotanuka kuti asasosoke, ndipo pakati pa mbedza ndi chingwe panali kawaya kakafupi chifukwa mano a shad ali ngati lezala. Imadya mothamanga, kugogoda kawiri katatu kenako n'kuthawa nayo. M'theka la ola ndinali nditakweza zitatu zabwino, zobiriwira kumsana, m'mimba mbuu ngati siliva. Yachiwiri inandidula chala chachikulu pochotsa mbedza, ndipo kuyambira pamenepo ndinagwiritsa ntchito pulayala. Mtima unali m'malo. Ndinkaona ngati ndabwerera ku Senga Bay.

Kenako kunada. Apa m'pamene nyanja ya mchere inasiyana ndi yathu. Kwathu mphepo ikaleka nyanja nayo imagona, bwato limakhala phee ngati lili pamchenga. Kuno ngakhale kulibe kamphepo, madzi amapuma. Mafunde aatali osasweka, amene amati swell, amachokera ku anamondwe a kutali kum'mwera, ndipo amakukweza pang'onopang'ono n'kukutsitsanso, usiku wonse osaleka. Masana sindinkawalabadira chifukwa maso amagwira mzere umene thambo limakumana ndi madzi, thupi n'kumadziwongola lokha. Mumdima mzere uja unazimiririka. Ndinawerama kuti ndimange mbedza ina, ndipo kuti ndione bwino ndinayatsa tochi yoyera. Nditaweramuka n'kuizimitsa sindinaone kanthu, bii, ngakhale mwezi unalipo. Maso amatenga mphindi 20 kapena 30 kuti azolowere mdima, ndipo kuwala koyera kumafafaniza zonsezo nthawi imodzi. Kofiira sikutero. Funde lina linandikweza ndisakuliona, mutu unazungulira, ndipo m'mimba munayamba kubwadamuka.

Sindinanene. Mwana wa siginala anganene bwanji kuti nyanja yamuchititsa nseru? Ndinalimbana nazo mwina mphindi 15, thukuta lozizira lili kamukamu, manja akufooka, mpaka ndinasanza. Uncle anamva, anapalasa n'kudzagwira kayaki yanga m'mbali.

"Mwanawe, wayamba liti kumva chonchi?"

"Kanthawi ndithu, Uncle."

"Ndiye bwanji osanena? Tsitsa miyendo yonse m'madzi. Yang'ana nyali za kumtunda, usayang'ane pansi. Chomanga chilichonse undipatse ine."

Kutsitsa miyendo mbali zonse ziwiri kumakhazika kayaki pansi modabwitsa. Ndinamwa madzi pang'ono, ndinadya bisiketi wouma, maso ali pa uta wa bwalo la Moses Mabhida umene unkawala chakumpoto. Patapita nthawi ndinapezako bwino. Tsopano mbedza zonse ndimamangiratu kunyumba n'kuzikulunga pa kachidutswa ka siponji, kuti panyanja ntchito ikhale yongokoleka. Ndipo amene amavutika ndi nseru amwe mankhwala ake asanalowe m'madzi, ayambe awayesa tsiku lina ali kumtunda chifukwa ena amagonetsa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ine ndikanagwa nthawi imene ija, ndili wofooka chotero, sindikhulupirira kuti ndikanakweranso msanga.

Uncle anafunsa ngati tibwerere. Ndinati ayi, ndili bwino. Lero ndimaona kuti yankho loyenera linali inde.

Koma ndikanabwerera sindikanamva chimene ndinamva cha m'ma 7 koloko, ndiye pamenepa mtima wanga umagawikabe. Kunali chete, kumangomveka madzi akunyambita kayaki. Mwadzidzidzi chakunyanja kunamveka kupuma kwakukulu, phuuu, ngati wina watsegula thayala la lole, kenako kukoka mpweya kwakuya ngati m'chitoliro. Thupi lonse linachita tsemwe. Anali nangumi. Kuyambira Juni mpaka Novembala anangumi a mtundu wa humpback amadutsa gombe lino, kuchokera kumadzi ozizira a Antarctica kupita kukaswana kumadzi ofunda a ku Mozambique ndi Madagascar, kenako n'kubwerera ndi ana awo. Lamulo limati usawayandikire kupitirira mamita 300, koma mumdima iwo ndi amene amasankha. Sindinamuone, ndinangoona pamalo pena madzi atasalala mwezi ukuwalirapo. Anapuma katatu, kulikonse kutali pang'ono kuposa koyamba. Uncle ankagogoda kayaki yawo ndi chikhatho pang'onopang'ono kuti nyamayo idziwe pamene tili. Ndinaviika nkhafi m'madzi ndipo pamene inadutsa panatsala timoto tobiriwira ngati ziphaniphani, tizilombo tating'onoting'ono ta m'madzi timene timawala tikagwedezeka. Zimenezi kwathu sindinazionepo, ndipo mpaka lero ndikatseka maso ndimaziona.

Itakwana cha m'ma 8 koloko Uncle anandipatsa nyambo yaikulu, sadini wathunthu womangidwa pamodzi ndi chokka (kanyama ka m'nyanja ka miyendo yambiri kamene pa Chingerezi amati squid), yoti ifike pansi. Sipanapite nthawi, ndodo inawerama pang'onopang'ono ngati yakodwa pamwala, kenako chingwe chinayamba kutuluka. Sikunali kuthamanga kwa shad. Kunali kulemera, ndi kugwedeza mutu kumene ndinkakumva mpaka m'zigongono. Uncle anakuwa kuti ndi salmon, dzina limene anthu a kuno amatchulira kob, nsomba imene imadya kwambiri usiku ndipo imalira ngati ng'oma ukaikweza. Pa kayaki nsomba yaikulu siibwera kwa iwe, iwe ndi amene umapita kwa iyo. Mphuno ya kayaki inatembenuka yokha n'kuyamba kutsatira chingwe. Ndinakumbukira kusunga nsonga ya ndodo kutsogolo, chifukwa nsomba ikakokera m'mbali ndiye kugudubuzika kumeneko. Ndinalimbana nayo mwina mphindi 10, ikubwera, ikubwerera. Itayandikira moti ndinayamba kuona chinthu chotuwa pansi pa madzi, ndodo inagwedezeka mwamphamvu kamodzi, khu, kenako inapepuka. Ndinakulunga chingwe ndipo chimene chinatuluka ndi mutu wokha, wodulidwa bwinobwino kuseri kwa makha, kukamwa kukutsekuka ndi kutsekeka.

Shaki. Asodzi a kuno amamutcha taxman, wokhometsa msonkho, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye pamene sadini amakwera gombe lino ashaki amachuluka. Miyendo yanga inali ikali m'madzi. Ndinaikweza mwachangu moti kayaki inapendama mpaka madzi kulowa pampando. Uncle anati ndidule chingwe, mutuwo upite, ndipo ndisasambe m'manja m'nyanja. Apa phunziro lake ndi lachidule: nsomba ikagwidwa ilowe m'mphako nthawi yomweyo, osaimangirira m'mbali kuti izilendewera m'madzi monga timachitira ndi kampango kwathu, ndipo magazi asatayikire pafupi ndi kayaki.

Nthawi yonseyi palibe amene ankayang'ana kumtunda. Uncle atayatsa GPS, kachipangizo kosonyeza pamene uli, anangoti, "Kulunga zonse, tikupita." Tinali titasuntha mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka kuchoka pa miyala ija. Zinthu zitatu zinagwirizana. Nsomba inandikoka. Madzi usiku umenewo ankakokera chakumpoto. Ndipo kamphepo ka kumtunda kanali katayamba, kamene m'nyengo yozizira kamawomba usiku kuchokera kumtunda kupita kunyanja chifukwa nthaka imazizira msanga kuposa madzi. Kamphepo kameneka n'konyenga, sikadzutsa mafunde pafupi ndi gombe, kamangokukankha mwakachetechete. Popeza chilichonse chokuzungulira chikuyenda nawe limodzi, sumva kuti ukuyenda. Nyali za sitima zimene zimaima kunja cha ku Umhlanga kudikira kulowa padoko zinkaoneka zazikulu kuposa poyamba. Doko la Durban limagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo woyendetsa sitima ya makontena sangaone kanthu kakang'ono ka faibagalasi kali pamadzi, ngakhale atakaona sangaime.

Ndinatembenuka kufuna nyumba ija ndi mtengo wa nyali uja. Sindinazipeze. Masana gombe la Durban lili ndi nkhope, nyumba iliyonse ndi maonekedwe ake. Usiku limangokhala mkanda umodzi wa nyali kuchokera ku Bluff mpaka ku Umhlanga, zoyera, zachikasu, zofiira za magalimoto, zonse zikuvina pamadzi. Kwathu vuto limakhala kusowa kwa nyali, umafunafuna moto umodzi wa padoko. Kuno vuto ndi kuchuluka kwake. Ndikanakhala ndekha ndikanalunjika pamene pankawala kwambiri, ndipo pamenepo ndi magombe a pakati pa mzinda pamene mafunde amasweka mwamphamvu. Uncle anali atasunga malo otsikira mu GPS tisanachoke, ndiponso ankadziwa kupatula nyali zofiira ndi zobiriwira za pakhomo la doko pakati pa zinzake zonse. Anati tizisunga kumanzere kwathu ndipo tisaziyandikire.

Kupalasa kobwerera kunatenga pafupifupi ola, mphepo ili kumaso. Apa m'pamene kusanza kuja kunandilipiritsa. M'mimba munalibe kanthu, mikono inali ngati ya wina. Madzi a kuno mu Julaye amakhala cha m'ma digiri 21, ofunda kuposa mpweya wa usiku umene umatsika kufika cha m'ma 12, ndipo ine ndinali nditavala malaya a thonje m'kati mwa jekete. Thonje likanyowa siliuma, limangokuyamwa kutentha. Mano ankagundana. Uncle ankapalasa pambali panga, osati kutsogolo, ndipo mphindi zingapo zilizonse ankandifunsa funso loti ndiyankhe, za kwathu, za ana, za mtengo wa usipa. Pambuyo pake anandiuza kuti ankafuna kumva ngati lilime layamba kulemera.

Tinaima kuseri kwa pamene mafunde amaswekera. Lamulo la Uncle ndinkalidziwa bwino kuyambira masana aja: usanalowe m'mafunde dula mbedza zonse, ndodo zilowe m'mphako, chitseko chitsekedwe, chilichonse chimangidwe, ndipo chingwe cha nkhafi chimasulidwe kuti chisakukulunge ukagwa. Ndodo imodzi ndinailowetsa. Yachiwiri inavuta chifukwa zala zinali zitauma ndi kuzizira, ndipo ndinati mumtima, pa Vetch's mafunde ake ndi aang'ono, ingokhala m'chogwirira chake kumbuyoku. Mbedza yokha ndinadula, ndipo ndimathokoza Mulungu pa chimenecho.

Mafunde amabwera m'magulu, angapo aakulu kenako kabata. Masana umawaona akudzuka kumbuyo kwako n'kusankha nthawi. Usiku umawamva ndi makutu ndi matako. Uncle anawerenga magulu awiri, anati iwo atsogola kuti akandiunikire, ndipo ine ndidikire mpaka andiitane ndi wenzulo. Anapita, ndinaona tochi yawo yafika pamchenga. Ndinadikira. Kenako ndinaona ngati kwachita bata, ndipo kutopa kunandiuza kuti ndipite wenzulo asanalire. Ndinapalasa maso ali pa tochi ija, osacheukanso. Nditatsala mamita ochepa ndinamva kumbuyo kukukwera. Mphuno ya kayaki inaloza pansi, kenako yonse inakhota n'kugona chopingasa funde. Zikatero umayenera kutsamira kufunde, nkhafi itazikika m'thovu. Ine ndinatsamira kumtunda. Ndinangomva khuvu, mchenga m'kamwa, m'mphuno, tochi yapita, kumwamba ndi pansi osadziwika. Nditaimirira madzi anali m'chiuno chabe, koma ndinaimirira pakati pa kayaki ndi gombe. Funde lotsatira linainyamula n'kundimenya nayo m'nthiti, ndinagwanso. Uncle analowa m'madzi, anandigwira jekete n'kundikokera pambali, kayaki n'kuisiya ipite yokha kumchenga.

Funde limene linandigwetsa silinali lalikulu. Mwina linkafika m'chifuwa. Masana ndinali nditadutsa aakulu kuposa limenelo osagwa. Ndodo ija inathyoka n'kupita pamodzi ndi chokulungira chake, ndipo inali ya Uncle. Nthiti sizinathyoke koma kwa milungu itatu kutsokomola kunali kowawa.

Tinakhala pamchenga, anandifunditsa thaulo n'kundipatsa tiyi wa m'fulasiki. Sanakalipe. Anati, "Mwanawe, ndalakwa ndine. Utasanza paja ndinayenera kukubweza osakufunsa." Ndinawauza za wenzulo ndi za ndodo, ndipo anati zimenezo tikambirana ndikafunda. Ndinaimbira akazi anga itatsala pang'ono kukwana 10 koloko.

Kuchokera usiku umenewo ndapitanso kanayi, ndipo pali zinthu zimene ndinasintha. Sindiyamba ndaganiza za nsomba. Ndimayamba ndi pamene ndidzatulukire, madzi adzakhala odzaza kapena ophwa pa ola limenelo, ndi mphamvu zimene ndidzakhale nditatsala nazo. Malo otsikira ndimapita kukawaona usiku wina ndili kumtunda, n'kusankha nyali ziwiri zosazima zimene ndingazizindikire, kenako ndikalowa m'madzi ndimazitsimikiza kukangoyamba kuda. GPS ndimaiyang'ana mphindi 10 zilizonse ngakhale nsomba zikudya. Ndodo ndimatenga imodzi yokha. Thonje ndinasiya, ndimavala zouma msanga ndi kajekete kotchinga mphepo. Sindipita ndekha, ndipo tinapangana ndi Uncle kuti mmodzi akangodwala kapena kuzizidwa tonse tibwerera popanda kufunsana. Ndodo yawo ndinabweza pang'onopang'ono miyezi itatu.

Shad zitatu zija zinapulumuka chifukwa zinali m'mphako yotseka. Nsomba imeneyi siichedwa kufewa, ndiye akazi anga anakazinga usiku womwewo, tinadyera nsima cha m'ma 12 koloko ana atagona. Lamlungu ndinaimbira bambo ku Salima n'kuwafotokozera zonse, za nangumi, za shaki, za timoto ta m'madzi. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza sanafunse kukula kwa nsomba imene inadyedwa ija. Anafunsa kuti, "Iwe, pamene mnzakoyo amakuonetsa zizindikiro za kumtunda, unaziyang'ana kangati kusanade?"

Ndinati kamodzi, bambo.

Anakhala chete pang'ono, kenako anandiuza kuti iwo zaka zonse zimene anagwira nyali ankacheukira mapiri a Senga nthawi iliyonse akamapopa nyali, ngakhale usiku umene nyanja inali bata ndipo ankadziwa bwino pamene ali. Kenako anapempha kuti ndiwatumizire chithunzi cha kayakiyo, aone m'mene munthu amakhalira pa chinthu chopanda m'kati.